Mafunso a Owerenga: Mwana Wanga Ndi Wanzeru, Koma Amasochera Pamzere Akamawerenga

Aphungu, ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Chilenje. Mwana wanga wachiwiri, mtsikana wa zaka 9 amene ali mu Giredi 3, ndi wanzeru mwakuti nthano akangoimva kamodzi amaibwereza yonse, ndipo pa masamu a pamtima amaposa ngakhale mkulu wake. Koma akatenga buku, pakangopita mphindi 10 amayamba kutikita maso, kudumpha mizere ndi kubwereza mzere umene wawerenga kale, ndipo nthawi zina amatseka diso limodzi ndi dzanja. Iye amati zilembo zimayenda ndipo mutu umamuwawa. Aphunzitsi ake akuti ndi ulesi basi, chifukwa pamene a zaumoyo anabwera kudzayeza maso kusukulu, mwanayu anawerenga zilembo zonse za pakhoma mpaka mzere wa pansi penipeni. Mnzanga wina ananditengera kumalo ena muno mu Lusaka kumene anandiuza kuti maso a mwanayu satsata bwino mzere, ndipo kuti afunika masewera a maso otchedwa vision therapy kwa miyezi 6, pa mtengo woposa malipiro anga a miyezi iwiri. Anandilonjezanso kuti akamaliza adzayamba kukhala woyamba m'kalasi. Kodi vuto limeneli lilipodi, kapena akungofuna kundidyera ndalama?

Mayi wodandaula, Chilenje

Mayi, vuto limene mwalifotokoza lilipodi, ndipo mwana amene amachita kutseka diso limodzi kuti awerenge sachita zimenezo chifukwa cha ulesi, popeza mwana waulesi amangotseka buku, osati diso. Koma lonjezo lakuti adzakhala woyamba m'kalasi ndi limene likundichititsa kukayikira malo amene munapitako, chifukwa palibe katswiri wa maso wonena zoona amene angalonjeze zotero.

Tiyambe ndi zilembo za pakhoma zimene aphunzitsi akuzidalira. Chithunzi chimenechi anachikonza ndi dokotala wa maso wa ku Holland, Herman Snellen, mu 1862, ndipo mwana amachiwerenga ataima pa mtunda wa mamita 6, diso limodzi litatsekedwa. Akawerenga mzere woyenera amalemba kuti 6/6, kutanthauza kuti diso lililonse palokha limaona bwino patali. Kuyeza kumeneku ndi kothandiza kwambiri popeza ana amene saona pa bolodi, koma sikunena kanthu za mmene maso awiri amagwirira ntchito pamodzi pamene buku lili pa masentimita 30 kapena 40 kuchokera kumaso. Choncho mwana akhoza kupambana mayeso a pakhoma mosavutikira n'kumavutikabe ndi buku, ndipo zinthu ziwirizi sizitsutsana.

Diso lililonse limayendetsedwa ndi minofu 6, ndipo kuti munthu aone chilembo chimodzi osati ziwiri, minofu 12 yonseyo iyenera kulunjikitsa maso onse pamalo amodzi nthawi imodzi. Chinthu chikamayandikira, maso amatembenukira mkati, cha kumphuno. Mungathe kuona zimenezi madzulo ano mwa kuuza mwamuna wanu kapena mwana wamkulu kuti ayang'anitsitse nsonga ya pensulo pamene mukuibweretsa pang'onopang'ono cha kumphuno kwake. Palinso chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa, chakuti powerenga maso satsetsereka pamzere ngati madzi m'ngalande, koma amadumphadumpha. Dokotala wina wa ku Paris, Louis Émile Javal, anafotokoza zimenezi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1870: diso limaima pa mawu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, kenaka limadumphira patsogolo, nthawi zina limabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo pamapeto pa mzere limadumpha kwambiri kukafuna chiyambi cha mzere wotsatira. Ndi pa kudumpha kwakukulu kumeneku pamene mwana wotopa maso amasochera.

Pa zimene mwalemba, vuto limene ndikuliganizira kwambiri ndi limene madokotala amalitcha convergence insufficiency, ndiko kuti maso amalephera kutembenukira mkati mokwanira, kapena amatembenuka koma sakhalitsa. Mwana wotere amayamba kuwerenga bwinobwino, koma pakapita kanthawi diso limodzi limafuna kuthawira kunja, zilembo zimaoneka ziwiriziwiri kapena ngati zikusambira, mutu umawawa cha pamphumi, ndipo iye amapeza yekha njira yodzipulumutsira, imene ili kutseka diso limodzi kapena kugoneka mutu pa tebulo kuti diso lina libisike. Woyeza maso amayang'ana mtunda umene maso amasiyira kugwirizana pamene chinthu chikuyandikira. Mwa ana ambiri maso amagwirizana mpaka chinthucho chitafika pafupifupi masentimita 6 kapena kucheperapo kuchokera kumaso, pamene mwa mwana wa vutoli amasiyana chinthucho chidakali patali ndithu. Vutoli limathanso kuyamba mwana akagwa n'kuvulala m'mutu, choncho ngati zoterozo zinachitikapo muyenera kuuza dokotala.

Komabe ine sindinamuone mwana wanu, ndipo pali vuto lina lofala limene limabweretsa zizindikiro zofanana ndi zimenezi. Ana ena ali ndi maso amene amafunika kudzikakamiza kwambiri kuti aone zapafupi, ndipo popeza diso la mwana ndi lamphamvu, limatha kudzikakamiza mpaka kupambana mayeso a pakhoma, koma limatopa msanga pa buku. Vuto limeneli limabisala kotero kuti silipezeka bwino pokhapokha woyeza atathira mankhwala a madontho m'maso, monga cyclopentolate, amene amapumitsa minofu ya mkati mwa diso kwa maola angapo. Mwana amadandaula kuti mankhwalawo akuluma pang'ono ndipo tsiku limenelo saona bwino zapafupi, koma zimenezi zimatha. Ngati vuto ndi limeneli, mankhwala ake ndi magalasi chabe, ndipo miyezi 6 ya masewera a maso ingakhale kutaya ndalama. N'chifukwa chake funso loyamba limene muyenera kudzifunsa ndi lakuti: kodi kumalo kumene munapita anamuthira madontho asananene za chithandizo? Ngati sanatero, ndiye kuti anayamba kufolera denga asanaimike nsanamira.

Mwina mukudabwa kuti vutoli laonekera bwanji tsopano pamene mwanayu wakhala akukhoza bwino. Nzeru zake zomwezo ndi zimene zakhala zikulibisa. Mu Giredi 1 ndi Giredi 2 zilembo zimakhala zikuluzikulu, mizere yochepa, zithunzi zambiri, ndipo mwana wa mutu wogwira amaloweza tsamba lonse aphunzitsi akangoliwerenga kamodzi, n'kumaoneka ngati akuwerenga pamene akungokumbukira. Zilembo zikayamba kuchepa ndipo nkhani zikayamba kutalika, kuloweza sikukwanira, ndipo mwana amene dzulo ankatamandidwa lero amatchedwa waulesi. Chimene chimandimvetsa chisoni ndi chakuti ana anzeru amazindikira msanga kuti chinachake chavuta, koma popeza sanaonepo ndi maso a munthu wina, amaganiza kuti zilembo zimayendera aliyense ndipo kuti iwo okha ndi amene akulephera kupirira.

Tsopano za chithandizo chimene anakuuzani. Vision therapy ndi masewera ophunzitsa maso ndi ubongo kugwira ntchito pamodzi, ndipo pa vuto la convergence insufficiency umboni wakuti amathandiza ulipo ndithu. Ku America kunachitika kafukufuku wotchedwa Convergence Insufficiency Treatment Trial, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2008. Anatenga ana 221 a zaka 9 mpaka 17 n'kuwagawa m'magulu anayi kwa milungu 12. Mwa ana amene ankapita kwa katswiri kamodzi pa mlungu n'kumapitiriza masewerawo kunyumba, pafupifupi 73 pa 100 alionse anachira kapena kupeza bwino, pamene mwa amene ankangochita kunyumba masewera a pensulo, oyang'anitsitsa pensulo ikuyandikira kumphuno, anali pafupifupi 43 pa 100 alionse. Onani kuti inali milungu 12, osati miyezi 6, ndipo kuti ana onsewo anali atayezedwa kaye n'kupezeka ndi vuto lenilenilo.

Koma nkhani sinathere pamenepo. Ofufuza omwewo anafuna kudziwa ngati kuchiza masowo kumachititsanso mwana kuwerenga bwino, ndipo anachita kafukufuku wachiwiri pa ana oposa 300 a zaka 9 mpaka 14, amene anatuluka mu 2019. Anapeza kuti maso a ana amene analandira chithandizo chenicheni anayamba kugwirizana bwino, koma luso lawo la kuwerenga silinapose la anzawo amene ankachita masewera ongoyerekezera. Tanthauzo lake ndi lakuti masewera a maso amakonza maso, koma saphunzitsa kuwerenga. Kale mu 2009 mabungwe a madokotala a ana ndi a maso a ku America, kuphatikizapo American Academy of Pediatrics ndi American Academy of Ophthalmology, anali atalengeza limodzi kuti masewera a maso sachiza vuto la kuwerenga lotchedwa dyslexia, limene gwero lake lili mu ubongo, pa kugwirizanitsa zilembo ndi kamvekedwe ka mawu. Mwana wa dyslexia nayenso amadumpha mizere ndi kubwerera m'mbuyo, koma amatero chifukwa mawuwo amuvuta, monga mmene inu ndi ine tingasocherere pamzere titapatsidwa buku la chilankhulo chimene sitichidziwa. Apa ndi pamene ogulitsa chithandizo ambiri amasokonezera makolo, mwadala kapena mosadziwa: amaona diso likudumpha molakwika n'kunena kuti ndilo gwero la vuto, pamene nthawi zambiri limakhala chizindikiro chabe.

Pali kayesedwe kamene mungachite kunyumba, kosalowa m'malo mwa dokotala koma kokupatsani chonena mukafika kuchipatala. Lembani mawu amodziamodzi ndi zilembo zikuluzikulu pa timapepala tosiyana, ena odziwika ndi ena amene mwanayu sanawaonepo, ndipo mumuonetse kapepala kamodzi pa nthawi. Ngati akuwawerenga mosavuta, koma amavutika mawu omwewo akakhala othithikana pa tsamba ndipo vuto limakula pamene nthawi ikupita, ndiye kuti maso ndi amene ayenera kuyang'anidwa poyamba. Ngati akuvutika ngakhale ndi liwu limodzi lalikulu lili lokha, vutolo si la kutsata mzere ayi, ndipo wothandiza kwambiri ndi mphunzitsi wodziwa za maphunziro apadera, monga amene amaphunzitsidwa ku Zambia Institute of Special Education muno mu Lusaka. N'zothekanso kuti mwana mmodzi akhale ndi mavuto onse awiri.

Langizo langa ndi lakuti musalipire kanthu panopa. Yambirani ku kiliniki ya kwanu kuti akupatseni kalata yopita nayo ku chipatala cha maso cha ku University Teaching Hospital kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa, ndipo kulinso Lusaka Eye Hospital ku Makeni. Mukafika musangonena kuti mwana saona bwino, chifukwa adzamuimika pa zilembo za pakhoma zomwe zija n'kukubwezani. Nenani momveka kuti patali amaona, koma akawerenga mphindi 10 zilembo zimayenda ndipo amatseka diso limodzi, kenaka pemphani kuti amuyeze ndi madontho ndiponso kuti aone mmene maso amagwirizanirana pafupi. Akapezeka ndi convergence insufficiency, pamenepo mungabwerere kwa opereka chithandizo muli ndi pepala m'manja, ndipo muwafunse ngati ali olembetsedwa ku bungwe loyang'anira ogwira ntchito zachipatala la Health Professions Council of Zambia, manambala amene apeza poyeza, ndi tsiku limene adzayezenso kuti muone ngati manambalawo asintha. Akatswiri a masewera a maso ndi ochepa kuno kwathu, choncho n'kutheka kuti dokotala adzakuphunzitsani ochitira kunyumba, monga a pensulo kapena a chingwe chokhala ndi mikanda itatu chimene anachiyambitsa katswiri wa maso Frederick Brock. Masewera a kunyumba mphamvu yake ndi yocheperapo, monga taonera, koma satenga ndalama, ndipo amafuna kholo lokhala pambali pa mwana masiku ambiri pa mlungu, chifukwa mwana akasiyidwa yekha amachita masiku atatu n'kuiwala.

Aphungu, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 5 ndipo ali pa sukulu ya mkaka yolipira. Anayamba kuzindikira mawu a Chingerezi asanakwanitse zaka 4, koma polemba amasokoneza b ndi d, ndipo powerenga amaloza mawu ndi chala. Aphunzitsi akuti chala chisiyidwe ndipo atiuza kuti tigule mapepala a pulasitiki amitundu oika pamwamba pa buku. Kodi tichite zimenezi?

Bambo wa ku Matero

Bambo, mwana wa zaka 5 amene amasokoneza b ndi d akuchita zimene ana ambiri a msinkhu wake amachita, ndipo kawirikawiri zimatha zokha akamafika zaka 7. Ganizirani kuti kuyambira ali khanda mwanayu waphunzira kuti kapu ndi kapu basi, kaya chogwirira chili kumanja kaya kumanzere, ndipo tsopano kwa nthawi yoyamba akuuzidwa kuti chinthu chikatembenuka dzina lake limasintha. Chala musamuletse. Kuloza ndi chala kumathandiza diso la mwana wamng'ono kusunga malo, ndipo adzachisiya yekha pamene sachifunanso. Mapepala amitunduwo anatchuka m'zaka za m'ma 1980 kudzera mwa Helen Irlen wa ku America, koma chilengezo cha madokotala cha 2009 chimene ndatchula pamwambapa chinanenanso kuti umboni wokwanira wakuti amathandiza kuwerenga palibe, choncho ndalama zimenezo mugulire mabuku a nthano a zilembo zikuluzikulu.

Ana amene amafulumira nzeru amatinamiza ife akuluakulu, chifukwa tikamva mwana wa zaka 5 akulankhula ngati wa zaka 8 timayembekezera kuti maso ndi zala zake zikhalenso za zaka 8, pamene thupi lili ndi nthawi yakeyake. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Muonjezerepo kuti mwana wa ku Matero amalankhula Chinyanja kapena Chibemba pabwalo, koma akuphunzira kuwerenga m'Chingerezi, chilankhulo chimene chilembo chimodzi chimamveka mosiyanasiyana, mosiyana ndi chathu chimene timalemba monga mmene timatchulira. Kuzengereza kwake pa liwu kungachokere pamenepo, osati m'maso.

Komabe pa msinkhu umenewu pali zinthu zimene siziyenera kudikira, ndipo n'zofunika kwambiri kuposa b ndi d. Ngati diso limodzi limayang'ana kumbali, ngakhale nthawi zina chabe, kapena mwana amapendeketsa mutu poyang'ana chinthu, pitani naye kuchipatala, chifukwa ubongo wa mwana umatha kusiya kugwiritsa ntchito diso lofooka, vuto lotchedwa amblyopia. Limachizika bwino ndi magalasi ndiponso kuphimba diso lamphamvu maola angapo pa tsiku, koma chithandizocho chimagwira bwino kwambiri mwana asanapitirire zaka 7 kapena 8. Ndipo mukaona kuyera pakati pa diso, pa kadontho kakuda kaja, kaya ndi maso kaya pa chithunzi chojambulidwa ndi foni, musadikire mawa, chifukwa ikhoza kukhala ng'ala kapena khansa ya m'diso. Ngakhale palibe chimene mukuchiona, ndi bwino kuti mwana aliyense ayezedwe maso kamodzi asanayambe Giredi 1, diso lililonse palokha.

Aphungu, ndine mphunzitsi wa Giredi 4 pa sukulu ya boma, ndipo chiyambire maphunziro aulere mu 2022 ana m'kalasi mwanga achuluka kwambiri. Ndingamudziwe bwanji mwana wa vuto la maso pakati pa gulu lotere, ndipo ndingamuthandize motani popanda zipangizo?

Mphunzitsi, Mtendere

Aphunzitsi, yang'anani kwambiri mwana amene amayankha bwino pakamwa koma amatsalira pokopera za pa bolodi kapena powerenga mwakachetechete, ndipo mumuyang'ane kumapeto kwa phunziro osati koyambirira, chifukwa mavuto amenewa amaonekera maso akatopa. Mufunseni funso lolunjika, monga lakuti kodi zilembo zimaoneka ziwiri kapena zimayenda, popeza ana sanena zimenezi okha. Mukamupeza, mulembereni kholo kakalata kofotokoza zimene mwaona ndi maso anu, kopanda kutchula dzina la matenda, kuti akakaonetse kuchipatala. Pamene akudikira, muloleni kuika rula kapena kapepala pansi pa mzere umene akuwerenga, mumukhazike pamalo owala, ndipo kalasi lonse muzilipumitsa pang'ono pakati pa kuwerenga kuti ayang'ane patali kudzera pa zenera.

Kumbukiraninso kuti si mwana aliyense wotikita maso amene ali ndi vuto la kutsata mzere. M'miyezi ya mphepo ndi fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ana ambiri muno mu Lusaka amayabwa maso mpaka mbali yoyera ija imasanduka yofiirira, ndipo mwana wotere sangakhazikike pa buku. Chenjezani makolo kuti asagule okha mankhwala a madontho okhala ndi steroid, amene ndi mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa, chifukwa ngakhale amaletsa kuyabwa msanga, akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali popanda dokotala amatha kukweza mphamvu ya madzi a m'diso ndi kuwononga mtsempha wa kuona. Za homuweki yolembedwa pa kandulo magetsi akazima, kuwala kochepa sikuwononga maso mpaka kalekale, koma kumatopetsa msanga mwana amene maso ake amavutika kale kugwirizana, choncho ngati mungathe, muloleni mwana wotere ayambe homuweki yake kusukulu dzuwa lisanalowe, kapena mumuchepetsere mizere yokopera mpaka atabwera ndi pepala la kuchipatala.